Ku France njinga ili ndi msewu wake, kuno tikulimbirana ndi malole

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo zanga mu nyuzi yathuyi pa nkhani ya njinga. Sabata yatha ndinapita kukazonda mnyamata wina yemwe ndinamuphunzitsapo ali folomu 2, pano ndi bambo wa ana atatu ndipo amapalasa sakramento, ndamupeza mwendo uli m'chikhakha, njinga yake yapindika moti olo wowotcherera waluso bwanji sangaiwongole. Akuti lole inamugunda chakumbali m'mawa akutsetsereka ndi kasitomala kumbuyo nkuwaponyera onse mu ngalande, dalaivala osaima nkomwe. Kwa anzathu a pakati ndi kumwera amene simunafikeko kuno, sakramento nde kabaza wa njinga yopalasa, ku Mzuzu timatchula choncho. Nde ndili pa benchi paja iye akufotokoza, maganizo anga anali ku France, mundikhululukire, chifukwa zomwe ndinakaona kumeneko chaka chatha zakhala zikundisowetsa mtendere mpaka ndati bola ndilembe.

Ine ndi mphunzitsi wopuma, ndaphunzitsa Chifalansa ku sekondale zaka zambiri ndipo zaka zonsezo ndimapita ku ntchito pa njinga kuchokera kwathu ku Chibavi, kaya kugwe mvula kaya chifunga cha mu Juni chija, nde za njinga musandiuze. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mfalansa, amakhala mu tauni ya Chalon-sur-Saône m'chigawo cha Bourgogne, ndipo mu Seputembala anandiitana ndikaone chidzukulu. Ndineneretu kuti ndine mkulu wampingo, mowa sindilawa, poti ndikudziwa ena akangoona mawu oti vinyo mu kalata ino ayamba kale kundikonzera mlandu ku seshoni. Nkhani yanga ndi ya msewu, vinyoyo walowamo poti msewuwo umadutsa m'minda ya mphesa basi.

Tsiku lachitatu ndili kumeneko asewele anga, bambo ake a mkamwiniyo, agogo a zaka 74 mutu wonse uli mbuu, anabwera m'mawa nkuti asewele lero tipite ku Cluny pa njinga. Ndinafunsa kuti ndi mtunda wautali bwanji, akuti makilomita 44 kuchokera pa mudzi wa Givry pomwe tikayambire. Ndinawayang'ana agogowo nkunena chamumtima kuti awa akufuna ndifere kwa eni, 44 mesa ndi pafupifupi kuchoka pano kukafika ku Nkhata Bay, komanso magalimoto awo amathamanga ngati akuthawa nkhondo ndipo amayenda mbali ya kumanja osati kumanzere ngati kwathu kuno. Mwana wanga anangoseka nkuti adada pitani, galimoto simukakumana nayo. Ndinkayesa akungondilimbitsa mtima.

Koma zinali zoona abale. Titafika pa Givry ndinaona kamsewu ka tala kosalala bwino, m'lifupi mwake ngati mamita atatu basi, polowera pake anatchingapo ndi tizipata ta matabwa moti njinga imadutsa, munthu wa pa wilitcheya amadutsa, mayi wokankha mwana pa kangolo amadutsa, koma galimoto ayi. Eni ake amati voie verte, kutanthauza njira yobiriwira, ndipo m'malamulo awo a pamsewu zinalembedwa ndithu kuti njira yotere ndi ya oyenda pansi ndi zopanda injini. Iyi ya Givry mpaka Cluny anaitsegula mu 1997 ndipo amainyadira kuti ndi imodzi mwa zoyambirira m'dziko lonselo. Kale inali njanji. Sitima zitasiya kuyendamo sanasiye kuti pamere tchire, anazula zitsulo nkuthira tala pamwamba, nkhani yatha. Asewele amati ali mwana anakwerapo sitima pomwepo popita kutchuthi kwa agogo awo. Nde poti sitima siitha kukwera chitunda chachikulu njira yonse ndi ya thyathyathya, pomwe panali phiri anthu akale aja anadula, pomwe panali chigwa anakwirira, iwe umangopalasa osatuluka ndi thukuta lomwe. Masiteshoni akale sanagwetse, pena pali pobwereketsa njinga, pena pali chimbudzi, mpopi wa madzi akumwa ndi mabenchi pa mthunzi.

Chomwe chinandigwira mtima si talayo ayi, misewu ya tala ndi kuno iliko. Ndi khosi. Zaka zonsezi ndikamapalasa mu M1 khosi limakhala chotembenuka, khutu limodzi lili kumbuyo kumvetsera hutala, mapewa ali gwa, maso ali pa m'mphepete pomwe tala anadyeka kuwerengera kuti minibasi ikandipanikiza ndidumphira pati. Nditayenda makilomita ngati asanu ndinadzigwira ndikucheukabe kumbuyo pomwe kulibe chobwera, thupi linazolowera mantha moti silimakhulupirira. Kenako pang'onopang'ono mapewa anatsika, ndinayamba kumva mbalame, kumva tcheni changa chikulira, ine ndi asewele kumayenda mogundizana mapewa tikucheza za ana athu ngati tili pa khonde. Chiyambire kupalasa sindinachezepo ndi munthu ndili pa chishalo, kuno ukayerekeza kutero mawa lake ndi nyimbo za maliro. Vuto linali limodzi, ndikangotayirira manja amandikokera kumanzere monga mwa chizolowezi, mpaka pena ndinatsala pang'ono kuwombana ndi mayi wina yemwe amabwera pa nsapato za mateyala zija, anandiuza mawu ena a Chifalansa amene m'kalasi sindinaphunzitsepo kkkk.

Tsono mvetserani apa a Mkonzi chifukwa ndi pomwe pagona kalata yanga. Ine ndinkaganiza njira zimenezi ndi za alendo olemera, zoseweretsa za anthu okhuta. Alendo analipo inde, azungu a ku Germany ndi ku Holland zikwama zili lendelende mbali zonse za kaliyala. Koma ambiri omwe tinakumana nawo m'mawa umenewo anali eni mudzi. Agogo aakazi buledi wautali uja ali mu basiketi, bambo wina wovala tayi akupita ku ntchito mudzi wina, bambo wachinyamata akukoka kangolo muli ana awiri atagona tulo, ana ang'onoang'ono ngati a sitandade 1 akupalasa okha patsogolo makolo ali kumbuyo kutali osada nkhawa, zipewa zolimba zili kumutu poti kumeneko mwana wosakwana zaka 12 ndi lamulo kuvala kuyambira 2017. Ndinaima kuwayang'ana anawo mpaka asewele anafunsa ngati ndatopa. Ndimaganiza za chidzukulu changa china cha kuno chomwe ndinachigulira kanjinga koma chimangozungulira pabwalo ngati nkhuku yomangirira, poti amayi ake anachiletsa kutulukira pa geti ndipo sindingawatsutse.

Mbali zonse za njirayo, makamaka cha ku Givry ndi Buxy, ndi minda ya mphesa yokhayokha kukwera m'zitunda, mizere yowongoka ngati anachita kuyeza ndi lula, mitengo yake yaifupi yolekeza m'chiuno. Inali nthawi yokolola nde m'minda munali anthu ndi timasizasi ndi mabeseni, fungo la mphesa zoswedwa lili ponseponse, mavu nawo ali pikitipikiti. Mphesa zake zambiri ndi za mitundu iwiri, Pinot Noir zakuda za vinyo wofiira ndi Chardonnay za vinyo woyera. Ndipo apa mpomwe ndinaona nzeru ya alimiwo. Munthu wa pa galimoto akadutsa m'mudzi mwako pa liwiro la 90 chomwe amakusiyira ndi utsi, koma wa pa njinga amayenda pang'onopang'ono, amamva njala, amamva ludzu, miyendo imamuwawa, nde amaima. Paja amati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife tokha anthu awiri tsiku limenelo tinagula buledi pa Buxy, tinadya nkhomaliro pa Saint-Gengoux-le-National, tinamwa khofi pa Cormatin pomwe pali chinyumba chachifumu chakale chozunguliridwa ndi madzi, midzi itatu yalandirako kangachepe kuchokera m'matumba mwathu. Malo ogona ndi odyera ambiri ali ndi chikwangwani cholembedwa Accueil Vélo, kutanthauza kuti wa njinga ndi wolandiridwa, ndipo sangokhoma mwachisawawa, malowo ayenera kukhala osapitirira makilomita 5 kuchokera pa njira ya njinga, akhale ndi posungira njinga potetezeka komanso zida zokonzera tayala likaphwa.

Asewele anandilowetsa kwa mlimi wina mnzawo, pansi pa nyumba pozizira pomwe pali migolo ya matabwa. Ine anandipatsa madzi a mphesa osasasa, okoma zedi, seshoni imve bwino pamenepa. Koma chomwe chinandiseketsa nchakuti olawa vinyowo amatenga pang'ono, kuchukucha mkamwa, kenako kulavulira mu kandowa komwe anaikira dala. Ndinati anthu a pa Chibavi ataona zimenezi atha kukomoka, munthu kulavula chinthu chogula ndi ndalama. Asewele anati ukalawa mitundu isanu ndi umodzi nkumeza yonse njinga ikuponya m'munda mwa eni, komanso apolisi awo muyezo wa mowa omwe amagwirira woyendetsa galimoto, 0.5 galamu pa lita ya magazi, ndi womwewo kwa wopalasa njinga. Ogula mabotolo ambiri sasenza pa kaliyala, mlimi amawatumizira kwawo.

Ku Cluny tinafika dzuwa likupendeka, matako okha ndi omwe amadandaula. Pamenepo panali nyumba ya amonke yomwe inayamba m'chaka cha 910, ndipo tchalitchi chake chinali chachikulu kuposa zonse za Chikhristu mpaka pomwe anamanga cha Petulo Woyera ku Rome, koma itachitika nkhondo yawo yochotsa mafumu ija anachigulitsa anthu nkumaphwasula kutenga miyala, pano changotsala chigawo chimodzi. Tinagona komweko. Mawa lake tinapitirira pang'ono mbali ya ku Mâcon kuti ndikaone chomwe amati Tunnel du Bois Clair, mphanga yomwe anaboola pansi pa phiri kuti sitima izidutsa, kutalika kilomita imodzi ndi mamita 600, pano ndi ya njinga. Pokafika pakhomo pake pokha mpomwe pali chitunda chotulutsa thukuta. Mkatimo muli magetsi koma kuzizira kwake ngati Mzuzu wa mu Julaye m'bandakucha, madzi akudontha kudenga. Nde asewele akundiuza kuti kuyambira mu Okutobala mpaka dzinja lawo litatha amatseka mphangayo, wa njinga azungulire kumtunda, chifukwa choti mileme imagonamo nyengo yozizira ndipo saifuna isokonezedwe. Mileme! Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinakhala chete, poti dziko loti mleme uli ndi miyezi yake yopuma pa msewu pomwe kwathu munthu wa sakramento alibe olo mita imodzi yoti ndi yake.

Koma ndisakunamizeni kuti konse ndi kopanda galimoto, poti zotsatsa malonda zimakonda kukometsa. Sabata yotsatira tinayenda ina yomwe amati Voie des Vignes, kuchoka mu tauni ya Beaune kukafika Santenay, makilomita 22 kapena kuposerapo pang'ono, kudutsa midzi ya Pommard, Volnay, Meursault, Puligny-Montrachet ndi Chassagne-Montrachet, maina omwe omwa vinyo akawamva amavula chipewa. Iyi sinali njanji ndipo palibe chomwe anamanga chachilendo, ndi timisewu ta m'minda tomwe alimi amadutsamo kale, anangoikamo zikwangwani zobiriwira za chithunzi cha njinga zolozera kolowera ndi makilomita otsala. Nde umakumana ndi thirakitala zawo zoseketsa za miyendo yaitali zomwe zimatang'adza mzere wa mphesa, umakumana ndi kagalimoto konyamula okolola, m'midzi umalowa mu msewu wa aliyense. Kusiyana kwake nkwakuti amayenda pang'onopang'ono ndipo amakudikira, lamulo lawo limati popitirira njinga usiye mita imodzi mu tauni, mita ndi theka kunja kwa tauni, ndipo ine ndinaona akutsatadi. Minda ya kumeneko anaigawa timagawo ting'onoting'ono 1,247 tomwe amati climats, kalikonse ndi dzina lake, tina totchingidwa ndi mipanda ya miyala, ndipo mu 2015 a UNESCO anailemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Mu Beaune momwemo muli chipatala chakale cha osauka chomwe anamanga mu 1443, denga lake la matailosi amitundumitundu, ndipo mpaka lero mu Novembala amagulitsa vinyo wa m'minda yake pa okushoni ndalama nkupita ku zachifundo. Pa njira zonse zomwe ndinaona, iyi ya Beaune ndi yomwe inandipatsa maganizo a kwathu, chifukwa mtengo wake waukulu ndi zikwangwani ndi khalidwe basi.

Zina ndinangozionera pa mapu a asewele omwe ang'ambika m'mopinda chifukwa choyenda nawo. Pali ya m'mbali mwa mtsinje wa Loire, makilomita pafupifupi 900 kuchokera kufupi ndi Nevers mpaka ku nyanja ya mchere, ndiye kuti ngati kutalika kwa Malawi yense, imadutsa kwa vinyo wa Sancerre, Vouvray, Chinon ndi Saumur, ndipo nayo pena ndi ya njinga zokha pena timisewu ta m'midzi. Kufupi ndi Bordeaux kuli ina ya pa njanji yakale yopitirira makilomita 50 kukafika Sauveterre-de-Guyenne, anaitcha dzina la Roger Lapébie yemwe anawina mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1937. Ku Alsace kumalire ndi Germany kuli ya makilomita pafupifupi 130 kuchokera Marlenheim mpaka Thann. Koma yomwe asewele amaikamba maso ali ngwee ndi ya Canal du Midi, ngalande ya mabwato ya makilomita 240 yochokera ku Toulouse kulowera ku nyanja ya Mediterranean, yomwe anamaliza kukumba mu 1681 mwini nzeru zake Pierre-Paul Riquet atamwalira chaka cham'mbuyo osaiona ikugwira ntchito. M'mbali mwake muli kanjira komwe mahatchi ankayendamo pokoka mabwato, lero ndi ka njinga, pena ndi kafumbi ka mizu ya mitengo. Akuti mitengo ikuluikulu yomwe inkapereka mthunzi yambiri anaidula chifukwa inagwidwa matenda osachizika, nde akubzala ina, zinandikumbutsa momwe chisaka chinathera nthochi ku Nkhata Bay. Mukaona bwino palibe pomwe anayamba ndi chopanda kanthu, paliponse anatola chinthu chakale chomwe chinasiya ntchito, njanji, kanjira ka mahatchi, msewu wa kumunda, nkuchipatsa njinga.

Nditabwerako ndinayesa kuzikamba pa msonkhano wina wa zachitukuko kudera kwathu. Sindinamalize nkomwe. Bwana wina wa mimba yake anati aphunzitsi mwabwera ndi za ku Ulaya, ife tikufuna chitukuko inu mukutibwezera ku njinga, njinga ndi umphawi, anthu nkuseka. Wina anati ku mpoto kuno njanji tinaionapo liti kuti tizule. Chachiwirichi ndi choona, sitima sinafikeko kuno, ndipo ndivomerezenso kuti malo athu si a thyathyathya, Mzuzu ali pamtunda mamita oposa 1,200 pomwe nyanja ili pansi pa 500, wotsikira ku Nkhata Bay amadalira buleki ndipo pobwerera nde amakankha. Koma zoti njinga ndi umphawi zinandiwawa, chifukwa bwanayo makala omwe amaphikira kunyumba kwake amabwera pa njinga, nkhuni zomwe zimasanjidwa mpaka kupitirira mutu wa wopalasa zija zimalowa mu tauni muno mbandakucha pa njinga, wantchito wake amabwera pa sakramento. Tauni ino imadzuka ndi njinga. Ndipo agogo a zaka 74 aja ali ndi galimoto ziwiri mu galaja, sapalasa chifukwa chosowa ayi.

Zakale zosiya ntchito ndi ife tili nazo. Ku Chikangawa kuli nkhalango ya paini yomwe inabzalidwa pa mahekitala 53,000, inde yambiri inapsa ina inadulidwa, koma misewu ya m'katimo yomwe ankatulutsira matabwa ilipobe, ikuzungulira m'mapiri a Viphya momwe kuli mphepo yabwino ndipo maso amafika kutali. Mphesa tilibe koma tili ndi khofi, ndipo khofi wa Mzuzu dzina lake linafika kale kunja, alimi ake ali m'mapiri momwemu ndipo nthawi yothyola imagwa m'miyezi yopanda mvula, yomwenso ndi yabwino kupalasa. Ukatsika kuli tiyi ku Kawalazi, kuli mitengo ya labala ku Vizara komwe anyamata amagulitsa mipira yodumpha ija m'mbali mwa msewu, kenako nyanja, batala wowotcha akukudikira. Mlendo yemwe amalipira ndalama kukaona mlimi akufinya mphesa angakane kuona mayi akuthyola khofi wofiira, kuona akumusenda, kumuyanika pa thandala, nkumwa kapu pomwepo pansi pa mtengo? Ndipo khofi sulavula mu ndowa. Alendo a njinga amadutsa kale pano, aja ochokera ku Cairo kupita ku Cape Town, amagona ku Chitimba nkukwera Chiweta malilime ali panja, kufika mu Mzuzu kugona usiku umodzi mawa lake ulendo wa ku Kasungu, onse mu M1 momwemo kulimbana ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam. Palibe chikwangwani olo chimodzi chowauza kuti khotani apa mukaone zakuti. Eni maesiteti, makopaletivi a khofi, mafumu ndi oona za nkhalango atakhala pansi nkugwirizana njira imodzi yokha, kuikamo zikwangwani, mijigo iwiri itatu, anyamata okonza njinga pa mtunda uliwonse, si za mabiliyoni zimenezo.

Komabe ine ndikuti alendo adikire kaye, tiyambe ndi eni tauni, monga ndinaonera ku Givry kuti njirayo imadyetsa alendo chifukwa choti eni mudzi anayamba kuikhulupirira ndi ana awo. Mzuzu anayamba ngati esiteti ya mitengo yotulutsa mafuta yotchedwa tung m'zaka za m'ma 1940, anakhala mzinda mu 1985, misewu yake ikuluikulu ndi yowerengeka koma anthu achuluka, Luwinga, Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo, Chiputula, Masasa, onse m'mawa amathira mu misewu yomweyo. Chomwe ndikupempha kwa oyang'anira misewu nchakuti pomwe pali malo m'mbali, makamaka kuchokera ku Luwinga kulowa mu tauni ndi cha ku Katoto, patulani kanjira ka njinga ndipo mutchinge ndi zipilala za simenti. Penti yokha ayi chonde, mzere woyera minibasi siiuona, imauyesa siteji. Ndipo nthawi ina mukamakonza msewu watsopano kanjirako kalowe mu pulani pachiyambi pomwe, osati kukumbukira tala atauma kale.

Ndikudziwa zomwe zichitike, sindine mwana. Tsiku loyamba lomwe a kabaza a njinga zamoto alowamo ndi liwiro lawo lija, sabata yachiwiri mayi wa tomato wayala chiguduli pakati, wa kaunjika wapachika majekete pa zipilala, mwezi usanathe zikwangwani zasanduka mbaula. Walira mvula walira matope. Koma zimenezo ndi zofuna kulondera osati zoletsa kumanga, apo ayi bwenzi tilibe ndi msika womwe poti namonso mumalowa mbava. A sakramento ali ndi masiteji awo ndi matcheyamani awo omwe amadziwa njinga iliyonse ndi mwini wake, apatseni kanjirako kakhale m'manja mwawo muone ngati wa tomato ayalepo kawiri. Nawonso anzanga opalasa ndisawasiye, ambiri tilibe nyali olo kagalasi konyezimira kumbuyo, usiku wa chifunga timangotulukira ngati mizukwa, ena buleki ndi chidendene pa tayala, ena kukhota osakweza mkono. Dalaivala wina amakhala wosalakwa. Koma olo utavala nyali thupi lonse, lole ya matani makumi atatu ndi njinga ya kaliyala wa siponji siziyenera kudyera mbale imodzi.

Mnyamata wanga uja akuti akachira abwereranso pa siteji poti ana sadya chikhakha, akungosowa pogwira kuti apeze njinga ina, anzake a pa siteji akumusonkherako pang'onopang'ono. Ndinamuonetsa zithunzi za ku Givry pa foni, anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kukuza chithunzi ndi zala, kenako anafunsa kuti aphunzitsi, nanga kumeneko makasitomala amawapeza bwanji poti aliyense ali ndi njinga yake. Ndinasowa choyankha, tinangoseka mpaka anesi anatiyang'ana.

A Mkonzi, tumizani mtolankhani wanu mmodzi abwere, osati kudzajambula ali pa windo la galimoto ayi. Adzandipeze ku Chibavi hafu sikisi m'mawa tsiku la sukulu, ndili ndi njinga ziwiri ndimubwereka imodzi, tipalase limodzi kukafika ku Luwinga nkubwerera kudzera pa depoti, akalembe yekha zomwe khosi lake likamuuze. Atenge juzi kukuzizira, ndipo ndimupatsa yakudayo chifukwa inayo buleki ya kumbuyo imagwira ikafuna.

Yewo chomene,
Mphunzitsi wopuma,
Chibavi, Mzuzu